Kuwerenga manotsi a gitala

Kuwerenga manotsi a gitala ndi luso loona zizindikiro za nyimbo zolembedwa pa mizere isanu n'kuziimba pa gitala monga mmene wopeka anafunira, ngakhale woimbayo asanaimvepo nyimboyo. Kalembedwe kameneka, kamene aphunzitsi a nyimbo amakatchula kuti staff notation, kamasonyeza zinthu ziwiri zikuluzikulu: kukwera kapena kutsika kwa liwu, ndiponso kutalika kwa nthawi imene liwulo liyenera kulira. Ndi kalembedwe komweko kamene amagwiritsa ntchito oimba piyano, malipenga ndi vayolini m'maiko ambiri, choncho wodziwa kuwerenga amatha kuimba pamodzi ndi anthu amene sanayambe wakumanapo nawo.

Ku Malawi oimba gitala ambiri amaphunzira pomvetsera ndi poonerera zala za anzawo, pomwe makwaya a m'matchalitchi anazolowera kalembedwe kena kotchedwa tonic sol-fa. Motero wophunzira wa ku Salima, kaya wa boma lina lililonse, safika pa mizere isanu ali chimanjamanja. Amakhala ali kale ndi khutu lozolowera nyimbo, ndipo kawirikawiri amadziwa do, re, mi. Ntchito imene imamutsalira ndi kulumikiza zimene akudziwazo ndi zimene zili papepala.

Mbiri ya kalembedwe

Kulemba nyimbo pa mizere kunayambira m'nyumba za amonke ku Ulaya. Cha m'ma 1025, mmonke wa ku Italy dzina lake Guido wa ku Arezzo anaphunzitsa njira yoika manotsi pa mizere yotalikirana mofanana, kuti oimba asamadalire kuloweza kokha. Iye ndiyenso anayambitsa mayina akuti ut, re, mi, fa, sol, la. Patapita zaka mazana angapo, ut anasinthidwa kukhala do, ndipo mizere isanu inakhazikika m'malo mwa inayi.

Gitala inachedwa kulowa m'kalembedwe kameneka. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 nyimbo zake zinkalembedwa m'njira yotchedwa tablature, yomwe imangosonyeza pamene chala chiyenera kugwira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, nthawi yomwe gitala ya nsambo zisanu ndi imodzi inayamba kufala, opeka anasamukira ku mizere isanu. Zolemba za Fernando Sor (1778–1839), Ferdinando Carulli, Matteo Carcassi ndi Francisco Tárrega (1852–1909) zikugwiritsidwabe ntchito pophunzitsa mpaka lero.

Tonic sol-fa inachokera ku England. Anaiyamba ndi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo mbusa John Curwen (1816–1880) anaikonza n'kuifalitsa kuyambira m'ma 1840. Cholinga chake chinali chakuti anthu wamba aziimba m'magulu popanda kudikira chida choimbira. Inalinso yotsika mtengo kusindikiza chifukwa imagwiritsa ntchito zilembo wamba.

Gitala ndi manotsi ku Malawi

Amishoni a ku Scotland anatsegula Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed Church anayamba ntchito yawo ku Mvera, pa msewu wa pakati pa Lilongwe ndi Salima, mu 1889. M'sukulu za mishoni ana ankaphunzira kuimba pogwiritsa ntchito sol-fa, ndipo mwambowu unazika mizu m'makwaya. Kuwerenga mizere isanu kunatsalira kwa anthu owerengeka, monga oliza limba m'matchalitchi akuluakulu, aseminale ndi mabandi a malipenga a asilikali ndi apolisi.

Gitala inadzera njira ina. Inafala kwambiri m'ma 1940 ndi 1950 kudzera mwa asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi anthu obwerera kuchokera ku migodi ndi m'matauni a ku South Africa, Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia. Ankaiphunzira pomvera magalamafoni ndi wailesi, ndipo nthawi zambiri inkayenda limodzi ndi banjo. Oimba otchuka monga Daniel Kachamba (1947–1987) ndi mng'ono wake Donald a ku Chileka, Ndiche Mwalale ndi Allan Namoko anakulira m'mwambo wophunzira ndi khutu umenewu.

Nyimbo za m'nthawiyo zimene zilipo lero zinapulumuka chifukwa chojambulidwa kapena kulembedwa. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula oimba a ku Nyasaland m'ma 1950. Mu 1961 ndi 1962 David Rycroft anasindikiza pa mizere isanu kaimbidwe ka Mwenda Jean Bosco wa ku Congo, ndipo zimenezi zinathandiza oimba akutali kuphunzira nyimbo yake yotchedwa Masanga. Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kutsatira nyimbo za anyamata a kwa Kachamba mu 1967, ndipo anajambula pa kanema zala za Daniel n'kulemba za kaimbidwe kake. Nyimbo zimene sizinajambulidwe kapena kulembedwa zinadalira okumbukira, ndipo zambiri zinapita ndi eni ake.

Mizere ndi mayina a manotsi

Mizere isanu imawerengedwa kuchokera pansi kupita pamwamba, ndipo pakati pake pali mipata inayi. Notsi imakhala pa mzere kapena mu mpata. Ikakhala pamwamba, liwu lake ndi lokwera, lomwe ambiri amati laling'ono. Ikakhala pansi, liwu ndi lotsika, lomwe amati lalikulu kapena besi.

Manotsi ali ndi mayina asanu ndi awiri: A, B, C, D, E, F, G. Ukafika pa G umayambiranso pa A. Mtunda wochoka pa notsi ina kukafika pa ina ya dzina lomwelo umatchedwa octave. Kumayambiriro kwa mizere kumakhala chizindikiro chotchedwa clef. Gitala imagwiritsa ntchito treble clef, yomwe imazungulira mzere wachiwiri posonyeza kuti mzerewo ndi G. Kuchokera pamenepo mayina onse amadziwika: mizere ndi E, G, B, D, F, ndipo mipata ndi F, A, C, E. Manotsi opitirira mizere isanu amalembedwa pa timizere tifupitifupi towonjezera pamwamba kapena pansi.

Gitala imalira octave imodzi pansi pa zimene zalembedwa. Anachita dala zimenezi kuti manotsi ake ambiri akwane pa clef imodzi. Mabuku ena amaika nambala 8 pansi pa clef pokumbutsa zimenezi. Woimba yekha sazindikira kusiyanaku, koma kumaonekera akamawerenga pepala limodzi ndi woimba kiyibodi: notsi imodzi yomweyo imamveka yotsika pa gitala.

Manotsi pa nsambo

Nsambo za gitala zimawerengedwa kuyambira pa yopyapyala kwambiri, yomwe imakhala kumunsi munthu akanyamula gitala. Zikachunidwa m'njira yodziwika padziko lonse, ndipo zikalizidwa osagwidwa, zimalembedwa motere:

- Nsambo yoyamba: E, mu mpata wachinayi.
- Nsambo yachiwiri: B, pa mzere wapakati.
- Nsambo yachitatu: G, pa mzere wachiwiri.
- Nsambo yachinayi: D, pansi penipeni pa mzere woyamba.
- Nsambo yachisanu: A, pa kamzere kachiwiri kowonjezera pansi.
- Nsambo yachisanu ndi chimodzi: E, pansi pa kamzere kachitatu kowonjezera.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza oyamba kumene: nsambo imene ili kumunsi pa gitala ndi imene ili pamwamba papepala, chifukwa pepala limatsata liwu osati malo a nsambo.

Tizitsulo topingasa pa khosi la gitala timatchedwa mafret. Fret iliyonse imakweza liwu ndi theka la sitepe. Pakati pa E ndi F, komanso pakati pa B ndi C, pali theka la sitepe, kutanthauza fret imodzi. Pakati pa manotsi ena onse oyandikana pali sitepe yathunthu, kutanthauza mafret awiri. Lamulo limeneli ndi lokwanira kupezera notsi iliyonse. Pa nsambo yoyamba, F ali pa fret 1 ndipo G ali pa fret 3. Pa yachiwiri, C ali pa 1 ndipo D ali pa 3. Pa yachitatu, A ali pa 2. Pa yachinayi, E ali pa 2 ndipo F ali pa 3. Pa yachisanu, B ali pa 2 ndipo C ali pa 3. Pa yomaliza, F ali pa 1 ndipo G ali pa 3. Kuphatikiza ndi nsambo zosagwidwa, amenewa ndi manotsi 17, ndipo ndi amene wophunzira amayambira.

Chizindikiro cha sharp (♯) chimakweza notsi ndi fret imodzi, cha flat (♭) chimaitsitsa ndi fret imodzi, ndipo cha natural (♮) chimaibwezera mwakale. Zizindikirozi zikaikidwa pafupi ndi clef zimagwira ntchito pa nyimbo yonse ndipo zimasonyeza kiyi. Kiyi ya C ilibe chilichonse, ya G ili ndi F♯, ya D ili ndi F♯ ndi C♯, ndipo ya F ili ndi B♭.

Chimene chimachititsa gitala kukhala yovuta kuwerengera kusiyana ndi kiyibodi n'chakuti notsi imodzi imapezeka malo angapo. E wa nsambo yoyamba yosagwidwa amapezekanso pa fret 5 ya nsambo yachiwiri, pa fret 9 ya yachitatu ndi pa fret 14 ya yachinayi. Liwu ndi lofanana kukwera kwake, koma kukoma kwake kumasiyana: pa nsambo yonenepa limamveka lofewa, pa yopyapyala limamveka lakuthwa. Choncho woimba gitala samangowerenga, amasankhanso pogwira, poganizira manotsi amene akubwera kutsogolo.

Nthawi ndi mabiti

Maonekedwe a notsi ndi amene amasonyeza kutalika kwake. Mu nyimbo imene crotchet ndi biti imodzi, manotsi amawerengedwa motere:

- Semibreve: mutu wosadetsedwa wopanda mwendo, mabiti anayi.
- Minim: mutu wosadetsedwa wokhala ndi mwendo, mabiti awiri.
- Crotchet: mutu wakuda wokhala ndi mwendo, biti imodzi.
- Quaver: mutu wakuda, mwendo ndi kamchira kamodzi, theka la biti.
- Semiquaver: timichira tiwiri, gawo limodzi mwa magawo anayi a biti.

Kadontho kakaikidwa kutsogolo kwa notsi kamawonjezera theka la kutalika kwake, moti minim ya kadontho ndi mabiti atatu. Notsi iliyonse ili ndi chizindikiro chinzake chosonyeza kukhala chete kwa nthawi yofanana. Mizere yoimirira imadula nyimbo m'zigawo zotchedwa mabar, ndipo manambala awiri a kumayambiriro amanena kuchuluka kwa mabiti mu bar iliyonse ndi mtundu wa notsi imene ikuwerengedwa. 4/4 ndi macrotchet anayi, 3/4 ndi atatu, pomwe 6/8 ndi 12/8 ndi maquaver oyenda atatuatatu.

Magule ndi nyimbo zambiri za ku Malawi zimayenda m'kagundidwe kozungulira ka timabiti 12, komwe m'manja mungaombe kanayi pamene ng'oma ikugunda katatu kapena kasanu ndi kamodzi pa nthawi yomweyo. Papepala zimenezi zimalembedwa mu 12/8 kapena 6/8. Mabuku a ku Ulaya amaika phunziro limeneli kutsogolo ngati lovuta, koma kwa munthu wokulira pa bwalo la chimtali kapena manganje, thupi limadziwa kale kagundidwe kake. Chachilendo ndi maonekedwe ake basi.

Zizindikiro za gitala yokha

Pofuna kuthandiza woimba kusankha pogwira, olemba amawonjezera zizindikiro zina. Manambala 1 mpaka 4 pafupi ndi notsi ndi zala za dzanja logwira nsambo, kuyambira cha mkombaphala mpaka chaching'ono, ndipo 0 ndi nsambo yosagwidwa. Nambala yozunguliridwa ndi nsambo imene notsi iyenera kuimbidwapo. Manambala achiroma, monga III, V kapena VII, amanena fret imene chala cha mkombaphala chiyenera kukhalapo. Akatsogozedwa ndi chilembo C kapena B, ndiye kuti chalacho chigone mopingasa n'kugwira nsambo zingapo pamodzi.

Zala za dzanja loliza zimalembedwa ndi zilembo zochokera ku Chisipanishi: p ndi chala chachikulu, i ndi cha mkombaphala, m ndi chapakati, ndipo a ndi chovala mphete. Manotsi osanjikizana amalizidwa nthawi imodzi, ndiyo chord. Pa nyimbo za mawu awiri, manotsi a miyendo yoloza pansi ndi besi yolizidwa ndi chala chachikulu, ndipo a miyendo yoloza m'mwamba ndi a zala zinazo. Kagawidwe kameneka kamagwirizana ndi kaimbidwe kakale ka m'chigawo chino cha Africa, komwe chala chachikulu chimayendetsa besi pamene cha mkombaphala chikuyankha pa nsambo zopyapyala.

Kuchoka ku sol-fa kupita ku mizere

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti mu sol-fa do amasuntha, pomwe pa mizere C ndi C nthawi zonse. Nyimbo ikakhala mu kiyi ya C, do ndi C, re ndi D, mi ndi E, fa ndi F, so ndi G, la ndi A, ti ndi B. Ikakhala mu G, do ndi G, fa ndi C, so ndi D, ndipo ti ndi F♯. Pepala la sol-fa limaoneka chimodzimodzi m'makiyi onse, limangosintha mawu a pamwamba onena kiyi. Pa mizere, manotsi onse amasamuka.

Wodziwa sol-fa amapindula akayamba wapeza pamene do wakhala. Do akakhala pa mzere, mi ndi so amakhala pa mizere iwiri yotsatira. Akakhala mu mpata, mi ndi so amakhalanso m'mipata. Manotsi atatu amenewa ndiwo chord yoyamba ya kiyi. Machord atatu omangidwa pa do, fa ndi so, monga C, F ndi G, ndi amene amanyamula nyimbo zambiri za m'tchalitchi, za kwela ndi za mabandi. Njira yabwino yoyesera ndiyo kutenga nyimbo yodziwika ya kwaya, kuisamutsira pa mizere ndi pensulo, kenaka n'kuiimba pa gitala. Khutu limagwira msanga pamene dzanja lalakwitsa.

Kusiyana ndi tablature

Tablature, yomwe imapezeka kwambiri pa intaneti, ili ndi mizere isanu ndi umodzi yoimira nsambo, ndipo manambala ake ndi mafret. Munthu angathe kuimvetsa tsiku limodzi. Koma yambiri sisonyeza nthawi, choncho imathandiza amene akuidziwa kale nyimboyo. Sinenanso dzina la notsi, ndipo woimba kiyibodi kapena lipenga sangaiwerenge. Ubwino wake umaoneka pa magitala ochunidwa mwapadera, pamene malo a chala ndi ofunika kuposa dzina la notsi. N'chifukwa chake mabuku ambiri a masiku ano amasindikiza njira ziwirizi pamodzi, mizere pamwamba ndi tablature pansi.

Ndondomeko yophunzirira

Aphunzitsi ambiri amayamba ndi nthawi, gitala ili pambali: wophunzira amaomba m'manja kwinaku akuwerenga mabiti mokweza. Kenaka amatenga nsambo imodziimodzi, kuyambira yoyamba, ndipo amatchula dzina la notsi iliyonse asanailize. Akazolowera manotsi 17 oyamba aja amalowa mu makiyi a G, D ndi F, kenaka nyimbo za mawu awiri, ndipo pomaliza amakwera ku fret 5 ndi kupitirira.

Pali zizolowezi zitatu zimene zimachedwetsa. Choyamba ndi kulemba mayina a manotsi pansi pa mizere, chifukwa diso limathawira ku zilembozo. Chachiwiri ndi kuyang'ana zala m'malo mwa pepala. Chachitatu chimagwira makamaka anthu a khutu lakuthwa: akaimba kawiri amakhala ataloweza, ndiye amaoneka ngati akuwerenga pamene akungokumbukira. Mankhwala ake ndi kuwerenga kanyimbo katsopano tsiku lililonse, pang'onopang'ono, osaima pokonza cholakwa. Mphindi zochepa tsiku ndi tsiku zimapindulitsa kuposa maola ambiri kamodzi pa sabata.

Chida nachonso chiyenera kukhala cholongosoka. M'madera otentha ndi achinyezi monga m'mphepete mwa nyanja ku Salima, nsambo zachitsulo zimachita dzimbiri msanga ndipo gitala imataya chuni, choncho imafunika kupukutidwa, kusungidwa pamthunzi ndi kuchunidwa phunziro lisanayambe. Magitala ndi mabanjo opangidwa pamudzi ndi zigubu ndi mawaya a mabuleki a njinga amakhala ndi nsambo zochepa komanso chuni chawochawo, motero malo a manotsi a m'mabuku sagwirizana nawo.

Zimene manotsi sakwanitsa kulemba

Mizere isanu inapangidwira nyimbo zogawa octave m'masitepe aang'ono 12. Zida zina za ku Malawi, monga valimba wa ku chigwa cha Shire, zimachunidwa m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, ndipo mawu ake amagwera pakati pa manotsi a papepala. Kaimbidwe ka hauyani, kogoneka gitala pamiyendo n'kutsetsereka pa nsambo ndi botolo kapena chitsulo, kalinso ndi mawu otsetsereka amene pepala limangowayerekeza. Komanso Chichewa ndi chiyankhulo cha kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu, choncho woimba amapotoza pang'ono nyimbo mu ndime iliyonse kuti tanthauzo lisasokonekere. Pa zifukwa zimenezi akatswiri olemba nyimbo za mu Africa amagwiritsa ntchito pepala limodzi ndi zojambulidwa, ndipo woimba wowerenga amafunikabe kumvetsera akuluakulu odziwa.

Kophunzirira

M'sukulu za pulayimale za boma nyimbo zimaphunzitsidwa m'phunziro la Expressive Arts, pamodzi ndi magule, zisudzo ndi zojambula. Maphunziro ozama a nyimbo amapezeka ku University of Malawi ku Zomba, ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, komwe kuli maphunziro a nyimbo za mu Africa, ndi ku Music Crossroads Academy ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima. Pa intaneti, nkhokwe ya IMSLP ili ndi mabuku akale a gitala aulere, ndipo pulogalamu ya MuseScore imalola munthu kulemba manotsi pa kompyuta n'kumva mmene akulirira.

Gombe la Senga Bay ku Salima lakhala likulandira zikondwerero zikuluzikulu za nyimbo. Lake of Stars inachitikira kumeneko mu 2008 ndi mu 2018, ndipo Sand Music Festival yachitikira pa Livingstonia Beach kwa zaka zingapo. Pa zochitika zotere oimba a m'dziko muno amaperekeza alendo atakonzekera nthawi yochepa, ndipo pepala la machord kapena la manotsi limafupikitsa ntchitoyo. Luso lomweli limafunikanso m'masitudiyo, pophunzitsa, polemba mayeso a nyimbo a mabungwe monga ABRSM ndi Trinity College London, ndiponso posunga nyimbo za m'dera kuti ofuna kuziphunzira m'tsogolo adzazipeze.